Kuchoka pa Mishoni Kukafika ku Mandala Wapansi

Mzinda wa Blantyre unayambira pa zitunda ziwiri zoyang'anana. Pa chitunda china panakhala anthu a Baibulo, pa china anthu a sikelo ndi nsalu, ndipo pakati pawo pankayenda mtsinje wa Mudi. Zonse zimene lero timangoti "m'tauni", mabanki, masitolo a amwenye, maofesi a boma, msika ndi phokoso la maminibasi, zinadzamera pambuyo pake mumpata wa pakati pa Mishoni ndi Mandala. Nyumba zakale za mbali zonse ziwiri zili chiimire mpaka pano, ndipo munthu wa miyendo yake akhoza kuchoka pa ina kukafika pa inzake dzuwa lisanafike paliwombo, ngakhale aziima pena ndi pena kuti ayang'ane. Koma anthu ambiri obadwira mu Kabula momwemu sanauyendepo ulendowu. Amadutsa pa nyumbazi tsiku ndi tsiku ali pawindo la minibasi, maso ali pa foni, mtima uli pa chenji chimene kondakitala sanabweze.

Ulendowu umakoma m'mawa wa Loweruka, magalimoto asanachuluke. Ukakhala mwezi wa Okutobala, mitengo ya jakaranda itachita maluwa, ndiye bwino kwambiri, koma mulawire chifukwa dzuwa la mwezi umenewo silinyengerera munthu. Valani nsapato zafulati, ndipo konzekerani kukana akabaza. Iwo sakhulupirira kuti munthu wamkulu, wovala bwinobwino, angayende pansi mwa kufuna kwake. Aliyense amachepetsa liwiro pambali panu n'kufunsa kuti, "Tikusiyeni pati, bwana?" Mukayankha kuti mukungoyenda, amakuyang'anani momvera chisoni.

Yambirani ku Mishoni. Mukangopatuka pa msewu wa ku Chileka n'kulowa m'bwalo la HHI, phokoso limatsalira kumbuyo, ndipo kutsogolo kwanu kumaoneka tchalitchi cha St Michael and All Angels, chofiirira, cha nsanja ziwiri kumaso ndi denga lina lozungulira pamwamba lokhala ngati mphika wovundikira. Alendo ambiri amachijambula ali chapatali n'kumapita. Kumeneko n'kudzimana. Sendererani mpaka mukhudze khoma, poti nkhani ya nyumbayi ili m'njerwa. Pali njerwa zamakona anayi zimene tonse timazidziwa, koma palinso zopindika, zosongoka, zamizeremizere, zina zoumbidwa dala kuti zikakhale pa ngodya ya zenera kapena pamutu pa chipilala basi. Amene anaziwerenga amati zilipo mitundu 81. Dothi lake linakumbidwa pomwepa, njerwa n'kuumbidwa pomwepa, n'kuwotchedwa ndi nkhuni m'mauvuni. Mukabwerera m'mbuyo pang'ono n'kuyang'anitsitsa nsanja ziwiri zija, muona kuti si zofanana ndendende. Iliyonse ili ndi kakongoletsedwe kakekake.

Ntchito inayamba mu 1888, ndipo tchalitchi chinapatulidwa pa 10 Meyi 1891. Amene anaitsogolera, mbusa David Clement Scott wa mpingo wa Church of Scotland, sanapiteko ku sukulu ya zomangamanga, ndiponso sanayambe wajambula pulani yatsatanetsatane ya nyumba yonse. Amisiri ake, anthu a kuno konkuno, anali asanamangepo nyumba yotere chibadwire. Njira yawo inali yoyesa. Asanaike matope ankayamba asanja njerwa zouma kuti aone ngati khomo lokhota kapena chipilala chiima bwino; zikakana, ankaphwasula n'kuyambiranso. Mmisiri aliyense wa ku Ndirande kapena ku Bangwe amene anayesapo kumanga khomo lokhota popanda lintala ndi zitsulo akudziwa kuti pamenepo pamafunika mutu. Zaka zoposa 130 zadutsa, zivomezi zagwedeza, anamondwe awomba, nyumba ili phee. Tili ndi nyumba zina zomangidwa dzana lomweli ndi makontilakitala a mapepala onse zimene zang'aluka kale, koma imeneyo ndi nkhani ya tsiku lina.

Chimene chimandiwawa ine pa malo ano ndi mayina. Dzina la Scott aliyense wolondolera alendo amalitchula, ndipo n'loyeneradi kutchulidwa. Koma amene anaponda dothi, kusenza njerwa pamutu, kutema nkhuni za uvuni ndi kukwera pa nsanja, tikamanena za iwo timangoti "anthu akuda", ngati kuti analibe makolo. Munthu mmodzi sangaumbe mitundu 81 ya njerwa. Tikamati tchalitchichi anamanga ndi mzungu n'kusiyira pomwepo, timadzilanda tokha chinthu chimene agogo athu anachigwira ndi manja awo.

Mishoni yeniyeniyo ndi yakale kuposa tchalitchi. Mu 1876 Henry Henderson, atayendayenda kufunafuna malo, anafika pano motsogozedwa ndi Tom Bokwito, munthu wa kuno amene anapulumutsidwa ku ukapolo ali mnyamata m'masiku a David Livingstone. Derali linali la mfumu Kapeni. Amishoniwo anakhazikika pakati pa mapiri a Ndirande, Soche ndi Michiru, ndipo malowo anawatcha Blantyre potengera kwawo kwa Livingstone ku Scotland. Tikawerengera kuchokera chaka chimenecho, mzinda uno ndi mkulu wake wa Johannesburg yemwe anayamba mu 1886, wa Harare wa mu 1890, ndi wa Nairobi wa mu 1899. Anzathuwo anatipitirira patali pa kukula, koma pa ukulu wa kubadwa sangatilande mpando.

Zaka zoyambirirazo sizinali za nyimbo ndi mapemphero okhaokha. Amishoni oyamba anadzisandutsa boma. Ankaweruza milandu ndi kukwapula anthu. Munthu wina anafa ndi zikwapu, wina anawomberedwa ndi mfuti atamuweruza kuti anapha munthu. Nkhani itamveka ku Britain mu 1880, mpingo unatumiza ofufuza, ndipo mtsogoleri wa Mishoni, Duff MacDonald, anachotsedwa pamodzi ndi ena. Mmodzi mwa ochotsedwawo, John Buchanan, anakakhazikika ku Zomba n'kumalima khofi, ndipo ndi yemweyo amene mu 1889, ataimirira boma la kwawo, analengeza kuti dera la mapiri a Shire lili pansi pa chitetezo cha Britain. Scott anabwera mu 1881 kudzakonza zimene zinawonongekazo. Choncho tchalitchi chokongolachi chinamangidwa pa malo amene anali ndi mbiri yofunika kuitsuka.

Scott anali ndi maganizo amene azungu anzake ambiri sankawakonda. Ankakhulupirira kuti mpingo wa kuno uyenera kudzatsogozedwa ndi eni dziko, ndipo anasankha anyamata ena n'kuwaika kukhala madikoni. Mwa iwo munali Joseph Bismarck. Munali Mungo Murray Chisuse, amene ankayendetsa makina osindikizira mabuku n'kudzakhala mmodzi mwa anthu a kuno oyamba kujambula zithunzi. Munali Harry Kambwiri Matecheta, amene mu 1911 anadzozedwa ubusa pamodzi ndi Stephen Kundecha. Munalinso John Gray Kufa, wothandiza dokotala. Dzina lomalizali mulisunge, tikumana nalo tsidya la Mudi. Scott yemweyo analemba buku lalikulu lotanthauzira mawu a Chimang'anja limene linatuluka mu 1892. Sukulu ya Henry Henderson Institute, imene inapereka dzina la HHI ku dera lonseli, inatsegulidwa mu 1909, Scott atachoka kale.

Tchalitchichi chili pa mndandanda wa nyumba zotetezedwa ndi boma, koma chimene chachisunga si mndandandawo. Chasungika chifukwa sichinasiye kugwira ntchito. Lamlungu lililonse mabenchi amadzaza, amayi a Mvano amabwera ndi yunifomu yawo, Loweruka akwati amajambulitsa pakhomo, ndipo denga likadontha pamakhala wina amene dontholo lamugwera pamutu, n'kukanena kwa akulu a mpingo.

Kuchoka pa Mishoni msewu umatsetsereka kulowera ku Wenela, ndipo bata lija limathera pomwepo. Oitanira amakugwirani mkono musanawauze kumene mukupita, fungo la chiwaya limasakanikirana ndi la dizilo, amayi a nthochi ndi mtedza amakhala mondandalikana m'mphepete mwa msewu. Pafupi pomwepo pali siteshoni ya sitima. Njanji inafika mu Blantyre mu 1908 kuchokera kuchigwa cha Shire, ndipo ndiyo inachititsa kuti Limbe abadwe chaka chotsatira; matauni awiriwa anadzaphatikizidwa mu 1956. Dzina la Wenela ndi la bungwe la Witwatersrand Native Labour Association, limene linkalemba anthu ntchito ya ku migodi ya ku Joni. Amuna ochokera m'maboma osiyanasiyana ankapimidwa m'thupi, kudinda chala, n'kunyamuka. Obwerera ankatsika ndi masutikesi achitsulo, wailesi ndi mabulangete, ena ndi chifuwa chimene sichinapole mpaka kumanda. Mu Epulo 1974 ndege ya bungweli inagwa ku Francistown m'dziko la Botswana n'kupha Amalawi oposa 70 amene ankabwerera kwawo, ndipo Kamuzu Banda anaimitsa kulemba anthu. Ulendo wa ku Joni sunathe ayi. Adzukulu a amuna aja akupitabe, koma pa basi, opanda kontilakiti, ndi chikwama chimodzi.

Pa Clock Tower sipofunika kuchedwapo. Ndi pamphambano pamene misewu ya ku Chileka, ya ku Limbe ndi ya m'tauni imakumana, ndipo anthu amaidziwa nsanjayo monga potsikira, osati poonera nthawi. Ntchito yanu apa n'kuwoloka ndi moyo. Mukawoloka tengani msewu wa Glyn Jones, ndipo muziwerenga zikwangwani za misewu mukamayenda. Glyn Jones anali bwanamkubwa womaliza wa Nyasaland. Haile Selassie, mfumu ya ku Ethiopia, anadzacheza kuno mu 1965. Hannover ndi mzinda wa ku Germany umene unapalana ubale ndi Blantyre, pamene Kaohsiung ndi wa ku Taiwan, dziko limene boma lathu linasiyana nalo n'kutsata China, koma dzina la msewu n'kutsala. Palinso Henderson, Livingstone, Laws ndi Sharpe, ndipo pakati pawo pali Chilembwe Road, msewu wa munthu amene anaukira ulamuliro wa atsamunda, lero akukhala moyandikana ndi mayina awo mwamtendere.

M'mbali mwa msewu wa Glyn Jones muli kachisi wa Ahindu, chizindikiro cha gulu lachitatu limene linaumba tauni ino. Amwenye anayamba kufika m'zaka za m'ma 1890, ndipo kamangidwe kawo kakuonekabe, makamaka mu Haile Selassie Road: sitolo pansi, banja pamwamba kapena kuseri, ndi khonde lotulukira pa msewu. Khonde limenelo ndi mphatso kwa woyenda pansi. Limatchinga dzuwa, limatchinga mvula, ndipo lakhala ofesi ya matelala, okonza mawotchi ndi osoka nsapato kwa mibadwo ingapo. Imani kamphindi muone telala wa pakhonde akupalasa makina ake a Singer, tepi ili m'khosi, choko chili kukhutu, akulankhula ndi kasitomala osachotsa diso pa singano. Nyumba zamagalasi zimene zikumangidwa masiku ano zilibe khonde; mvula ikayamba, mlonda amakuuzani kuti musunthe pakhomo.

Pa Hannover Avenue pali hotela ya Ryalls, imene anaitsegula mayi wachizungu Louisa Ryall kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1920. Nyumbayi yakonzedwa ndi kuwonjezeredwa kambirimbiri, moti palibe chifukwa choti mulowe. Imani panja, poti nkhani yake yaikulu inachitikira pamsewu. Mu Januwale 1960 nduna yaikulu ya Britain, Harold Macmillan, inali m'katimo kudya nkhomaliro ndi akuluakulu a tauni. Dziko linali pa State of Emergency imene inalengezedwa pa 3 Malichi 1959; Kamuzu anali m'ndende ku Gweru, anthu ambiri a chipani cha Nyasaland African Congress ali otsekeredwa ku Kanjedza. Gulu la anthu linasonkhana kunja kwa hotelayi ndi zikwangwani, kufuna kuti mtsogoleri wawo atulutsidwe ndi kuti chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland chithe. Apolisi analimbana nawo pamaso pa atolankhani ochokera ku London, ndipo atolankhaniwo analemba nkhani zoyaka moto m'nyuzipepala za kwawo. Boma linaika woweruza Southworth kuti afufuze, iye n'kuyeretsa apolisi n'kudzudzula atolankhani. Patangotha sabata imodzi chichitikireni chionetserocho, Macmillan anaima m'nyumba ya malamulo ku Cape Town n'kuvomereza kuti ufulu wa maiko a mu Africa sungatsekerezedwenso, ndipo pa 1 Epulo Kamuzu anatuluka m'ndende. Sindikunena kuti anthu a pa Ryalls ndiwo anatsegula chitseko cha ndende. Koma mlendo amene ankadya m'katimo phokoso lawo analimva.

Victoria Avenue imayambira pa hotela ya Mount Soche n'kumatsetsereka. Kumtunda kwake n'kwa ndalama: mabanki, Delamere House, Chayamba Building, ndi nyumba yakale ya Reserve Bank mmene muli msika wa masheya. Ogulitsa ziboliboli amayala katundu wawo chapafupi, anyamata ena amakunong'onezani za dola ndi randi. Zakale zambiri za chigawo chino zinagwetsedwa kalekale kuti pamangidwe nyumba zosanja, choncho pitani msanga.

Mukadumpha mphambano ya Haile Selassie n'kupitirira kumunsi, ndiye mwalowa mu Blantyre wa atsamunda weniweni. Pali holo imene inamangidwa mu 1903 pokumbukira Mfumukazi Victoria, yemwe anamwalira mu 1901. Ambiri amaidziwa kuti Old Town Hall. Khonsolo ya tauni inali itayamba kale, ndipo eni dziko analibemo mpando. Pafupi pomwepo pali Boma lakale, nyumba za makoma ochindikala, malata ndi makonde aatali. Makonde a Boma ndiwo anali malo a munthu wakuda: podikirira mlandu, podikirira chiphaso, podikirira kupereka msonkho. Msonkho wa nyumba umene unayamba m'masiku a mkulu wa boma la atsamunda, Harry Johnston, unkafuna ndalama, ndipo munthu wa kumudzi ndalama akanaipeza kuti kupatula kukagwira ntchito kwa mzungu? Umu ndi mmene minda ya khofi, ya fodya ndi ya tiyi inkapezera antchito. Koma m'maofesi a boma omwewo munkakhalanso makalaliki akuda amene ankawerenga makalata a mabwana awo n'kumaphunzira mmene ulamuliro umayendera. James Frederick Sangala, amene nkhope yake ili pa K100, anali kalaliki wa boma mu Blantyre muno, ndipo ndiye anakoka anzake kuti ayambitse Nyasaland African Congress mu 1944, Levi Mumba n'kukhala mtsogoleri wake woyamba. Chakumunsi kwenikweni kuli Blantyre Sports Club, kalabu ya m'zaka za m'ma 1890 imene kwa nthawi yaitali munthu wakuda ankalowamo pokhapokha atanyamula thireyi kapena chikwama cha gofu.

Tauni ya nthawi imeneyo inali ndi malire ake. Azungu anali ndi madera awo a mitengo ndi maluwa, amwenye anali ndi misewu yawo ya masitolo, ndipo antchito akuda ankagona kunja kwa malirewo, n'chifukwa chake Ndirande anakula mmene anakuliramu. Antchitowo ankalawirira m'mamawa wapansi kudzagwira ntchito, madzulo n'kubwerera wapansi. Malire aja anafufutidwa pa mapu, koma mzere wa oyenda pansi sunathe. Imani pa msewu uliwonse wolowa m'tauni cha m'ma 6 koloko m'mawa muone anthu ochokera ku Ndirande, Mbayani, Chilomoni ndi Zingwangwa akutsika mwandawala, nsapato za kuntchito zili m'jumbo. Ife oyenda kuti tione nyumba tisadzitame kwambiri. Mzinda uno eni ake amauyenda tsiku lililonse, ndipo sawutcha ulendo.

Nyumba za kumunsi kwa Victoria Avenue ndi zina za msinkhu wake ndizo zimandidetsa nkhawa. Nyumba imene ilibe mwini woiganizira usiku imatha mwakachetechete: utoto umasuwa, ngalande za padenga zimadzaza masamba, madzi amalowa m'khoma, chiswe chimapeza njira yopita ku mitanda. Anthu a mu Blantyre amaidziwa nyenyezi yofiira imene imapakidwa pa nyumba zooneka zakutha, kuti eni ake azikonze kapena azigwetse. Cholinga chake n'chabwino, pakuti palibe amene akufuna khoma limugwere. Vuto n'lakuti diso lofulumira silisiyanitsa nyumba yakutha ndi nyumba yakale, ndipo mwini puloti ya pakati pa tauni amadziwa kuti nyumba yosanja kasanu imabweretsa lendi yoposa ya kanyumba ka khonde. Ena amafunsa poyera kuti, nanga tizisungiranji nyumba za atsamunda? Funsolo si lopusa. Koma njerwa zake anaumba ndi anthu athu, ndalama zomangira Boma zinachokera mu msonkho wa agogo athu, ndipo mwana wa Fomu 2 amene waima pakhonde pamene anthu ankafola ndi mashereni m'manja amamva mutu wa utsamunda mwa njira imene manotsi a pabolodi sangamupatse.

Bwererani pang'ono n'kutsikira ku msika. Apa palibe chakale choti muone kupatula malonda enieniwo: kaunjika, usipa, tomato wounjikidwa m'milu, mbatata ya kachewere, mafoni osweka magalasi, anyamata a mawilibala okuwa kuti muwapatse njira. Kenaka mumafika pa mlatho wa Mudi, ndipo mphuno imadziwa maso asanaone. Madzi ndi akuda, majumbo ndi mabotolo apulasitiki atsakamira m'miyala. Mtsinje umene unalekanitsa Mishoni ndi Mandala tinausandutsa ngalande ya zinyalala za mzinda wonse. Mukamakwera chitunda cha tsidya linalo, tembenukani muyang'ane mapiri. Ndirande anatha mitengo, ndipo Soche ali ndi zipsera za matope amene anakokolola nyumba ndi anthu pa namondwe Freddy mu Malichi 2023.

Nyumba ya Mandala siidzionetsera. Yabisala m'mitengo, kuseri kwa mipanda ndi malo ogulitsira magalimoto, ndipo munthu akhoza kuidutsa osadziwa. Ndi yosanja kamodzi, ya khonde lozungulira, ndipo inamangidwa mu 1882, tchalitchi chija chisanayambe n'komwe. Mwa nyumba zomangidwa mwachizungu zimene zikadaima m'Malawi, yakale kwambiri ndi imeneyi. Chimene chimadabwitsa ambiri n'chakuti makoma ake ndi a dothi losawotcha, zidina zomwezi zimene ife timaziona ngati za munthu wosowa. Chinsinsi chake chili pa khonde. Denga lotambalala limaponya madzi a mvula kutali ndi khoma, ndipo khoma la dothi likakhala louma pamutu ndi kumapazi silikalamba msanga. M'kati mumazizira ngakhale mu Okutobala, popanda makina alionse. Pamene nkhuni zowotchera njerwa zikumaliza mapiri athu, amisiri ndi ophunzira zomangamanga akanamabwera kudzaigwira nyumbayi ndi manja.

Eni ake anali kampani imene inakhazikitsidwa ku Glasgow mu 1878, yodziwika pambuyo pake kuti African Lakes, ndipo oiyendetsa kuno anali apachibale awiri, John ndi Frederick Moir. John ankavala magalasi a maso, anthu n'kumutcha Mandala, ndipo dzinalo linafalikira ku nyumba, ku kampani, ku masitolo ake m'dziko lonse mpaka ku dera lonseli. Cholinga chimene ankanena chinali kutumikira amishoni ndi katundu komanso kubweretsa malonda olowa m'malo mwa malonda a akapolo. Phindu lenileni la zaka zoyambirira linali m'minyanga ya njovu. Katundu ankabwera pa sitima zapamadzi kudzera mu Zambezi ndi Shire mpaka kwa Katunga ku Chikwawa. Poti mathithi a Shire salola sitima kudutsa, amtengatenga ankasenza katunduyo pamutu kukwera phiri mpaka pa bwalo lino, ena n'kupitirira naye ku Matope, kumene sitima ina inkadikira ulendo wa kunyanja. Amene anakwerapo msewu wa ku Chikwawa pa galimoto, n'kumva injini ikulira m'makhotakhota muja, aganizire munthu wopanda nsapato atasenza mtolo wa nsalu kapena chitsulo cha sitima, kumbuyo kwake anzake atanyamula mzungu pa machila. Kampani yomweyi inamenyanso nkhondo ku Karonga ndi Mlozi, wogulitsa akapolo, kuyambira mu 1887. Inali sitolo, inali mtengatenga, inalinso ndi mfuti zake.

Mfutizo ndi zimene zinakokera anthu a John Chilembwe kuno. Usiku wa pa 23 Januwale 1915 gulu lina linanyamuka ku Mbombwe, m'boma la Chiradzulu, kudzathyola nyumba imene kampaniyi inkasungiramo zida ku Mandala. Anafika kusanache, koma alonda anakuwa, ndipo anangokwanitsa kutenga mfuti zowerengeka n'kuthawa. Kulephera kumeneko kunafooketsa kuukira konse. Chilembwe anaphedwa pa 3 Febuluwale, ndipo pakati pa amene boma linawanyonga kapena kuwawombera pambuyo pake panali John Gray Kufa, dikoni wa Scott uja. Pa Mishoni anaphunzira kuti munthu wakuda akhoza kutsogolera mpingo ndi kuchiza odwala; m'dziko la msonkho, la thangata ndi la kulemba anthu ku nkhondo ya azungu anaona zina. Azungu a minda anaimba mlandu amishoni a ku Scotland kuti anaphunzitsa anthu mopitirira muyeso.

Lero pansi pa nyumbayi pali malo ogulitsira zojambula ndi zosemasema, ndipo m'munda muli mipando ya omwa khofi. Mitengo yake ndi yolingana ndi matumba a alendo, koma musabwerere pakhomo chifukwa cha zimenezo, pakuti chuma chenicheni chili pamwamba. Mukakwera masitepe mumapeza laibulale ya Society of Malawi, bungwe limene linayamba mu 1946 ndi dzina loti Nyasaland Society ndipo lakhala likutulutsa magazini ya mbiri ndi zachilengedwe kuyambira mu 1948. Muli mabuku amene simungawapeze m'sitolo iliyonse, mapu akale ndi zithunzi za Blantyre misewu yake ikadali yafumbi. Pa zithunzi zotere musamangoyang'ana amene akhala pa mipando pakati. Yang'anani m'mphepete, kwa amene aimirira kumbuyo atagwira ambulera, njinga kapena mwana wa bwana. Mawu a pansi pa chithunzi kawirikawiri amatchula okhala pa mipando okha, koma nkhope za enawo zikuoneka bwinobwino, ndipo zina zimafanana ndi za anthu amene mwakumana nawo pa Wenela ndi mumsika.

Amene miyendo yake ikadali ndi mphamvu adutse m'dera la Mandala kukatulukira ku Ginnery Corner, pafupi ndi chipatala cha Gulupu. Kuchoka pamenepo minibasi ya ku Limbe imakutsitsani pa Chichiri, pamene pali nyumba yosungiramo zinthu zakale, ndipo panja pake anaimikapo injini ya sitima yamoto ya m'masiku oyambirira a njanji. Wotopa akwere kabaza. Akhala akukudikirani chiyambire m'mawa.